Ndani Adazimitsa Moto wa Kukuka? Mbiri ya Chisamaliro cha Okalamba M'midzi Mwathu

Ikamveka nkhani yakuti gogo wina wapezeka atafa yekha m'nyumba anthu osadziwa, kapena kuti anthu olusa atentha nyumba ya nkhalamba poiganizira ufiti, ndemanga zake zimakhala zodziwikiratu. Abusa paguwa amati ana a masiku ano alibe umunthu. Mfumu pamaliro imati mwambo udatha. Oimba foni pawailesi amadzudzula tauni, makanema ndi kachasu. Sindikutsutsa kuti ulemu wachepa, pakuti aliyense wa maso akuona. Chimene ndikukana ndi ganizo lakuti vutoli lidayambira m'mitima ya achinyamata, ngati kuti m'badwo wina udangobadwa wouma mtima popanda chifukwa. Mbiri ya midzi yathu ikunena zina. Makolo athu ankasamala okalamba chifukwa mudzi udayalidwa mwakuti nkhalamba inkagwira zinthu zimene wachinyamata sakadatha kukhala popanda izo: munda, nkhokwe, mwambo, ndiponso mawu omaliza pa ukwati ndi pa mlandu. Kwa zaka zoposa 130 zinthu zimenezi zakhala zikuchotsedwa m'manja mwa okalamba chimodzichimodzi, ndipo amene adazichotsa si zidzukulu zimene tikuzikalipira lero.

Tiyambire m'mudzi wa Achewa, Amang'anja, Ayao kapena Alomwe, atsamunda asanakhazikike. Tsinde la mudzi linali mbumba: amayi a bere limodzi pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo, moyang'aniridwa ndi mlongo wawo, mwini mbumba. Mwamuna akakwatira ankapita chikamwini, kukamanga kwawo kwa mkazi, ndipo zaka zoyambirira ankalima m'munda wa apongozi asanagawiridwe wake. Phindu la dongosolo limeneli kwa mayi wokalamba n'losachita kufunsa. Ana ake aakazi sankapita kutali, ankamanga moyandikana naye. Mkamwini aliyense wofika pakhomo ankalima, kufolera denga, kuluka nkhokwe ndi kusema mipini, ndipo akachita ulesi kapena mwano ankatha kupatsidwa mphasa yake n'kuuzidwa kuti abwerere kwawo. Pa nkhani yotero mawu a apongozi aakazi ankalemera kwambiri. Kumpoto, kwa Angoni a ku Mzimba ndi kwa Angonde, kumene mkazi ndiye amatsata mwamuna, mphamvu ya akuluakulu inali m'khola: mnyamata sakadakwatira popanda ng'ombe za malowolo, ndipo ng'ombezo zinali za bambo ake.

Pakati pa nyumba za mbumba panali kuka, nyumba ya agogo aakazi. Mwana akaleka kuyamwa, makamaka mayi ake akaimanso, ankasamukira kukuka. Atsikana ankagona komweko mpaka kutha msinkhu, pamene anyamata osinkhukirapo ankapita kumphala kapena kugowelo. Choncho gogo sankagona yekha, sankasowa womutungira madzi, womutolera nkhuni kapena womukolezera moto usiku wa m'mwezi wa Juni. Nayenso sankangolandira. Ndiye ankaimba nthano ndi kuponya ndagi, ndiye ankadziwa muzu wa m'mimba ndi tsamba la chifuwa, ndiye ankasunga mbewu ya mapira, mawere ndi nzama. Amayi achikulire ndiwo anali anamkungwi pachinamwali ndi azamba pachikuta. Ngakhale chikhulupiriro cha mdulo kapena tsempho chinkawakweza: anthu okhalira pamodzi m'banja ankatengedwa kuti ndi otentha, pamene mayi amene adasiya kusamba anali wozizira, motero ndiye woyenera kulandira khanda ndi kugwira zinthu za mwambo zimene ena sakadazikhudza. Kukagwa chilala, opereka nsembe kukachisi anali akuluakulu, popeza iwo ndiwo anali pafupi ndi mizimu ndipo ankadziwa maina a makolo oyenera kuwatchula. Munthu amene mphamvu zamuthera ankafulula mowa kapena kuphika thobwa n'kuitana dima, munda wake n'kulimidwa tsiku limodzi. Pachidyerano, pamene mabanja ankasonkhanitsa nsima ndi ndiwo n'kudyera pamodzi, wosowa ufa ankadya osachita kupempha, ndipo kusapemphako ndiko kunkasunga ulemu wake. Kusungulumwa kwa nkhalamba kudali kovuta kuchitika m'mudzi wotere, chifukwa ntchito za tsiku ndi tsiku zinkadutsa pakhomo pake.

Wina anganene kuti ndikukometsa zakale, ndipo ayenera kumvedwa. Kale silinali paradaiso. Mayi wosabereka, kapena amene ana ake onse adamwalira, ankakalamba movutika ngakhale m'masiku amenewo, ndipo pakagwa maliro osamvetsetseka nthawi zambiri ndiye ankayamba kuganiziridwa. Mwabvi udapha anthu ambiri osalakwa. Max Marwick, amene adafufuza pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia n'kutulutsa buku lake mu 1965, adaonetsa kuti kunenerana ufiti kunkachitika kwambiri pakati pa abale a mbumba imodzi, makamaka pamene panali kulimbirana udindo ndi chuma cha masiye. Koma taonani chimene umboni umenewu ukutanthauza. Chikadakhala kuti chisamaliro chinkachokera ku ubwino wa mtima wokha, nkhalamba yopanda ana ikadasamalidwa mofanana ndi inzake ya zidzukulu khumi. Sizinali choncho. Wosamalidwa bwino anali amene anali ndi anthu omudalira. Zimenezi zikuchitira umboni mfundo yanga: chitetezo cha wokalamba chinkaima pa udindo ndi pa zimene anali nazo, ndipo wopanda zimenezo ankaona kale mavuto amene lero afalikira kwa ambiri.

Kugwedezeka koyamba kudadza ndi msonkho. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma la Harry Johnston lidakhazikitsa msonkho wa nyumba wolipira makamaka ndi ndalama, chinthu chimene nkhokwe ya gogo sikadatha kutulutsa. Olephera kukhoma ankawotcheredwa nyumba, ena akazi awo ankagwidwa mpaka msonkho upezeke. Kumapiri a Shire, kumene azungu adatenga malo aakulu, anthu okhala m'maesiteti ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo, ndipo inkafunidwa kwambiri m'nyengo ya dzinja pamene minda ya kumudzi inkafunanso manja omwewo. Kuwawa kwa thangata n'kumodzi mwa zimene zidautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Kwina konse njira yopezera ndalama inali ulendo: ku Halale, ku Joni, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Wenela idayamba kulemba anthu kuno mu 1903, ndipo pambuyo pake kudadza Mthandizi wotengera anthu ku Southern Rhodesia. Ambiri ankangodziyendera wapansi. Mu 1935 komiti imene boma la atsamunda lidasankha, motsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse akuluakulu, anali kunja kwa dziko, ndipo idachenjeza kuti moyo wa m'midzi ukusokonekera. Amene sadabwerenso tidawatcha machona. Mchona aliyense adasiya denga losafolera, munda wosatsegula ndi mayi wokalamba wodikira kalata.

Kunena chilungamo, ulendo udadyetsanso makolo ambiri. Bulangete, jekete, ndalama ya msonkho ndi nyumba ya malata zidafika m'midzi kuchokera ku migodi. Koma chidasintha n'chakuti tsopano chuma chinkayenda kuchoka kwa mwana kupita kwa kholo, ndipo chinkayenda mwana akafuna. Mnyamata wobwera ndi njinga ndi makina osokera sankadikiranso kuti apongozi amugawire munda. Ankatha kupempha chitengwa, kutenga mkazi n'kukakhala naye kwina. Gogo amene kale ankagawa adasanduka wolandira. Ulendowu sudathe ndi ufulu wa 1964. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, mpaka ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Dr. Banda n'kuletsa kulemba anthu. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba n'kutheratu cha m'ma 1988 pa mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV. Anyamata a nthawi imeneyo ndiwo madala a lero. Ambiri adabwera ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi, opanda penshoni, ndipo ena akalambira m'misonkhano yofunsa za ndalama zawo za ku Theba.

Njala ya 1949 idaonetsa poyera kuti dongosolo lakale lidali litang'aluka kale. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lofotokoza njalayi m'boma la Blantyre, adalemba zimene amayi a m'midzi adamuuza: amuna ambiri adachoka, ena kukasaka chakudya, ena kubwerera kwawo, ndipo si onse adabwerera. Chidyerano chidazilala, banja lililonse n'kumadyera m'nyumba mobisa. Amene anali pantchito yolembedwa ankapeza chakudya kudzera kwa mabwana awo, ndipo amene adazunzika koposa anali ana aang'ono, amayi osiyidwa ndi okalamba. Zimenezi zidachitika kulibe foni ya m'manja, kulibe kanema, anthu ambiri asadaone tauni. Amene amati nkhanza kwa okalamba n'zobwera ndi zamakono ayenera kufotokoza chaka chimenecho. Zomwezo zidabwereza mu 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala ili pakhomo.

Pamene msonkho ndi ulendo zinkachotsa manja, mpingo, sukulu ndi boma zinkatenga maudindo. Amishoni adalimbana ndi chinamwali ndi gule wamkulu. A ku Nkhoma adakhazikitsa chilangizo cha mumpingo, ndipo alangizi adalowa m'malo mwa anamkungwi. Nsembe za kukachisi zidatchedwa zachikunja. Nzeru yotsegula chitseko cha ntchito idakhala ya m'kalasi, imene agogo ambiri, makamaka aakazi, sadaipeze. Milandu ikuluikulu idapita kukhoti. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa, pofuna kuchepetsa imfa za amayi oyembekezera. Zina mwa zosinthazi zidapulumutsa miyoyo, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti mayi abwerere kukachirira m'chikuta chopanda namwino. Komabe chilichonse chidachotsa chifukwa chimodzi chopitira kunyumba kwa gogo, ndipo palibe amene adafunsa kuti m'malo mwake muikidwe chiyani. Malo nawo adachepa. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Pakati pa zaka zimenezi minda yambiri ya makolo ku Kasungu, ku Mchinji ndi kwina idasanduka maesiteti a fodya. Lero mabanja ambiri akulima munda wosakwana hekitala imodzi. Munda umene kale unkakopa mkamwini kuti atumikire apongozi, tsopano ndi kachigawo kamene zidzukulu zisanu zikukayang'anitsitsa, ndipo mwini wake akuoneka ngati wachedwa kufa.

Nkhonya yowawa koposa idali Edzi. Wodwala woyamba kutsimikizidwa kuno adapezeka mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere mu 2004. M'zaka za pakatipo matendawa adasesa m'badwo weniweni umene unkayenera kusunga makolo: aphunzitsi, asilikali, makalaliki, ochita malonda, alimi a mphamvu zawo. Kafukufuku wa 2004 adapeza kuti pafupifupi anthu 12 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilomboka. Odwala ankabwerera kumudzi kukafera m'manja mwa amayi awo. Mbuzi zidagulitsidwa, njinga, wailesi, penanso munda, kuti apeze mankhwala, thiransipoti ndi bokosi. Kenaka kuka kudadzazanso ndi ana, koma ulendo uno popanda makolo awo olimira ndi kubweretsa ufa. Mayi wa zaka 70 adagwiranso khasu, kuyenda maganyu, kusaka yunifolomu ndi makope a ana amasiye asanu. Dziko lino lili ndi ngongole yaikulu kwa amayi amenewa, pakuti nyumba zosungira ana amasiye zonse pamodzi sizikadanyamula ngakhale gawo laling'ono la katundu amene iwo adasenza. N'zopweteka kuti ena mwa iwo ndiwo adanenedwa kuti adadya ana awo.

Apa ndiye pagona nkhani ya ufiti. Chikhulupiriro n'chakale, koma kulunjika kwake pa okalamba osauka kuli ndi zifukwa zooneka. Pamudzi pamene achinyamata akumwalira nkhalamba n'kumatsala, funso lakuti watsala bwanji limapeza yankho loipa. Pali matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amachititsa munthu kusochera usiku, kupezeka m'mawa pakhomo pa eni ali wosavala, kulankhula zosamveka ngakhale kuvomera mlandu umene sakuudziwa; anthu amati wagwa pandege ya ufiti. Maso ofiira ndi utsi wa zaka makumi asanu za kuphika amatengedwa ngati chizindikiro. Ndipo kuseri kwa milandu yambiri kumakhala munda kapena nyumba. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe kwa zaka zambiri oneneredwawo ndiwo ankapezeka m'ndende, mpaka womenyera ufulu wa anthu George Thindwa ndi anzake adachita khama kuti amasulidwe. Bungwe la MANEPO, loona za okalamba, lakhala likulengeza chaka ndi chaka za okalamba ophedwa motere. Kawirikawiri wophedwayo sakhala gogo wa nyumba ya malata amene ana ake amamutumizira ndalama.

Zipatala zathu nazo zidakula moyang'ana mayi ndi mwana: sikelo, katemera, uchembere, malungo, kenaka HIV ndi chifuwa chachikulu. Zifukwa zake zidali zomveka, koma matenda a ukalamba adatsalira. Kafukufuku wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Sitiroko, shuga ndi nyamakazi zimafuna mankhwala a mwezi ndi mwezi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, monga ikuchitikira ku Nkhoma ndi kuzipatala zikuluzikulu, koma agogo ambiri amakhala mumdima zaka ndi zaka chifukwa chosowa ndalama ya kabaza ndi wowaperekeza. Chithandizo n'chaulere kuchipatala cha boma, koma ulendo wokafika kumeneko si waulere, ndipo pamene chapafupi ndi cha mishoni pamafunika kulipira.

Kodi boma lidaika chiyani m'malo mwa zimene zidagwa? Penshoni kuyambira nthawi ya atsamunda inali ya antchito a boma ndi a makampani ochepa. Lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza olemba ntchito onse kusungira antchito awo, koma silidafikire mlimi, msodzi kapena mayi wogulitsa mandasi, m'dziko limene anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse, wathandiza mabanja ambiri otsogozedwa ndi okalamba, ndipo ayenera kuyamikiridwa. Koma adakonzedwa kuti afikire mabanja pafupifupi 10 mwa 100 alionse, ndalama zake zambiri zimachokera kunja, ndipo kusankha kumasiya nkhalamba ziwiri zosauka mofanana, ina ikulandira ina ayi, chimene chimabala nsanje m'mudzi. Ndondomeko ya dziko yoona za okalamba idatuluka mu 2016, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la okalamba mu 2024. Malawi sanakhalepo ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi yofikira wokalamba aliyense chifukwa cha msinkhu wake basi.

Otsutsa penshoni yotere amati dziko n'losauka. Koma kalembera wa 2018 adaonetsa kuti a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 mwa 100 alionse, osakwana miliyoni imodzi, ndipo opitirira zaka 70 ndi ochepa kuposa apo. Lesotho idayamba kulipira aliyense wa zaka 70 mu 2004 ndi ndalama zakezake. Zanzibar idachita chimodzimodzi mu 2016, Kenya mu 2018, pamene Botswana idayamba kale mu 1996. Tsidya la malire, ku Katete, pakati pa Achewa anzathu, Zambia idayesa kulipira okalamba kuyambira mu 2007. Ena amati ndalamayo idzachititsa ana kutaya makolo awo, poganiza kuti boma likuwasamala. Mbiri imene tayendamoyi ikusonyeza kuti zimayenda mosiyana ndi mantha amenewo: wotayidwa ndi wopanda kanthu. Ku South Africa, wofufuza Esther Duflo adapeza kuti m'nyumba zimene agogo aakazi ankalandira penshoni, zidzukulu zazikazi zinkakula bwino m'thupi ndi mumsinkhu. Ndalama ya gogo simathera pa gogo. Imagula ufa, sopo, cholembera, ndipo imazungulira pagolosale ya m'mudzi momwemo. Enanso amati zaka za anthu akumudzi n'zovuta kuzidziwa, koma kuchokera mu 2017 tili ndi chiphaso cha unzika cholembedwa tsiku lobadwa.

Chotsutsa champhamvu koposa n'chakuti ndalama sichiritsa kusungulumwa, ndiponso kuti n'zochititsa manyazi kuti mdzukulu azikaona agogo ake chifukwa cha kwacha. N'zoona kuti penshoni sicheza ndi munthu usiku. Pamafunikabe amvano ndi achigwirizano oyendera odwala, alangizi a zaumoyo oyeza magazi pakhomo, mafumu okana kuzenga milandu ya ufiti, ndi apolisi ofika msanga. Koma za manyazizo, tisadzinamize. Mkamwini wa kale ankalima munda wa apongozi chifukwa ankafuna mkazi ndi malo, ndipo m'kulimamo mudamera chikondi ndi ulemu weniweni. Gogo amene angathe kulipira womufolera denga, kupereka chopepesera pamaliro, kuponya kangachepe m'mbale ya kutchalitchi ndi kugulira mdzukulu kope, amabwereranso m'gulu la anthu opereka, ndipo wopereka amaitanidwa pazochitika, amafunsidwa maganizo, pakhomo pake pamadutsa anthu.

Choncho pempho langa likupita kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi kwa nduna ya zachuma. Lamulo la 2024 mudalivomereza. Tsopano liikireni ndalama m'bajeti. Yambani ndi aliyense wa zaka 70 kupita m'tsogolo, mosasankha, mwezi uliwonse, ngakhale ndalamayo iyambe yochepa, ndipo muziikweza kwacha ikagwa monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adalera ana amasiye a m'zaka za Edzi ali m'ma 70, m'ma 80 ndi kupitirira apo, ndipo sangadikire zisankho zina ziwiri.